Mwala Woboola wa Agogo Sakala

Lero chakwana chaka chimwalirireni Agogo Sakala. Amayi apita ku ntchito monga mwa masiku onse, koma m'mawa ndinawaona ataima pakhomo pa chipinda chaching'ono, jekete lili m'manja, osalowa. Ine ndimalemba m'kabuku kanga tsiku ndi tsiku, kawirikawiri za kusukulu ndi za nyengo basi. Lero ndikufuna kulemba za Agogo, m'chinenero chimene ankandiuza kuti ndisachitaye, popeza m'nyumba muno ndine ndekha amene sindinatope kumva za mzinda wawo.

Anali bambo awo a Amayi. Ndinakulira m'manja mwawo ku Katete mpaka pamene Amayi, amene ndi namwino, anatiitanitsa tonse awiri kuno ku Croydon. Katundu wa Agogo anali wochepa: suti imodzi ya kutchalitchi, nsapato zazikulu zachikopa zoyendera m'tchire, ndi mwala. Mwalawo unali wakuda, wosalala, wozungulira ngati chitumbuwa chachikulu, woboola pakati poti zala ziwiri n'kulowa. Anauika pa windo la chipinda chawo kuti uziligwira lisatsekeke. Ankagona windo lili lotsegula ngakhale m'miyezi yachisanu, ati munthu amene sakumva mphepo sangadziwe kumene wayang'ana. Amayi ankati hita ikutenthetsa msewu wonse.

Ankayenda maso ali pansi. Anthu a kuno amayenda akuyang'ana pa foni, koma Agogo ankayang'ana miyala ya m'mbali mwa msewu, nthawi zina n'kuima, n'kuigogoda ndi ndodo ngati akuifunsa kwawo. Masiku ena ankakwera tiramu mpaka kumene njanji imathera, kumene kuli katchire ka mitengo, ati akukaphunzitsa mwendo wawo wakumanzere kuti usaiwale ntchito. Ankabwerako ndi matope mpaka m'maondo. Sankaloza chinthu ndi chala. Ankaloza ndi milomo, kapena ndi chigongono. Ndipo akakumana ndi munthu wamfupi, ankavula chipewa. Tsiku lina m'sitolo ya nsomba ku Peckham anavulira chipewa mayi wina wamfupi wa ku Ghana, n'kumuuza m'Chinyanja kuti, "Ndakuonerani kutali, mayi." Mayiyo anandiyang'ana ine kuti ndimasulire. Ndinangoyang'ana nsomba.

Chifukwa chake chinali Akafula. Makolo amati Achewa asanafike, m'mapiri munkakhala anthu aafupi otchedwa Akafula, amene anajambula zithunzi zofiira m'mapanga. Ukakumana ndi mmodzi ankakufunsa kuti wamuonera pati. Ukati pompano, ndiye kuti wamunyoza kuti ndi wamfupi, ndipo ankakulasa. Yankho laulemu linali lakuti wamuonera kutali. Anthu ambiri amathera pomwepo, amati ndi nthano. Agogo ankapitirira. Ankati Akafula anamanga mzinda wa miyala m'nkhalango ya kumalire ndi Mozambique, ndipo iwo anauona ndi maso awo.

Pa Sabata tikatuluka m'tchalitchi ku Peckham, anthu ankamwa tiyi m'holo, ndipo a Mwale sankalola kuti tsikulo lidutse. A Mwale ndi dalaivala wa basi, anabadwira pa famu ku Zimbabwe ngakhale makolo awo anali a ku Dedza.

"Madala, mzinda uja mwaupeza? Ndamva kuti uli ku zoni sikisi, kumathero a London. Mawa mukwere basi yanga ndikakutsitseni pageti."

"Inu a Mwale, munthu woyendetsa basi, njira imene mumaidziwa ndi yomwe wina anakulemberani."

"Iyayi, kwathu ku Zimbabwe miyala yathu ili poyera. Azungu amabwera kudzajambula. Yanuyo ndi yamanyazi bwanji?"

"Yanuyo munailoza nonse mpaka eni ake anasamuka. Mwatsala ndi makoma ndi anyamata ogulitsa zoziziritsa kukhosi."

Amayi a m'kwaya ankaseka mpaka kutaya tiyi. Amayi anga sankaseka. Ankanyamula makapu n'kupita kukhitchini. Koma a Mwale omwewo ndi amene tsiku lina anabweretsera Agogo galasi lokuzira zinthu, atalikulunga m'nyuzipepala, n'kunena kuti wina analiiwala m'basi. Linali latsopano, kapepala ka mtengo wake kasanamatulidwe bwino.

Nkhani ya mmene Agogo anaupezera mzindawo ndinaimva kambirimbiri. Ali mnyamata ankagwira ntchito m'gulu lolimbana ndi kashembe, ntchentche imene imapha ng'ombe. Ntchito yawo inali kulambula njira m'tchire. Tsiku lina anatsatira kambalame kamene kamalondolera anthu ku njuchi, ndipo anasiyana ndi anzawo. Mitengo inayamba kutalika, ziyangoyango zikulendewera, dzuwa losafika pansi. Kenako anagunda phazi pa mwala, ndipo atachotsa masamba anaona kuti ndi sitepe. Masitepewo anali aang'ono, oti phazi lawo silinkakwana ngakhale atalipingasa. Pamwamba pake panali mipanda ya miyala yosanja popanda dothi, yokhotakhota, ndi makomo oti munthu wamkulu n'kulowa chokwawa. Kunali zii, ngakhale nyenje. Pakati panali mtengo wa masuku okupsa, pamene nthawiyo sinali ya masuku.

Malo otere ali ndi mwambo wake, ndipo Agogo ankaudziwa kuyambira ali mwana. Ukhoza kudya chimene wapeza, koma usanyamule kanthu, ndipo usaloze ndi chala. Iwo anadya masuku, n'kutola mwala woboola umene unali pakhomo pa kanyumba kena, kuti anzawo akakhulupirire. Atatulukira kumsasa anakwera ndi kapitawo wawo pachitunda, natambasula mkono. "Ndi apo!" Anapita anthu asanu ndi zikwanje. Anapeza mitengo yokhayokha.

Nthawi zina m'nkhaniyo mipanda inkafika m'chiuno, nthawi zina pachifuwa. Mtundu wa kambalame unkasinthanso. Koma masitepe sanasinthepo, ndipo akafika pamenepo ankayang'ana phazi lawo.

Ine ndimachita manyazi kufunsa mafunso m'kalasi, koma kwa Agogo ndinkafunsa. Ankatunga kuti madzi? Ngati anali aafupi, miyala ikuluikulu ankaikweza bwanji? Anapita kuti, ndipo n'chifukwa chiyani anasiya masuku awo? Bowo la mwalawo linali la chiyani? Agogo ankayankha kuti sakudziwa, koma ankanena mawuwo mosangalala, ngati munthu amene wapatsidwa mphatso yokulunga. Kusukulu ndinawerenga kuti miyala yoboola ngati imeneyi imapezeka m'madera ambiri a kwathu, ndipo anthu akale ankailowetsa ku ndodo yokumbira kuti ilemere. Nditawauza, anafunsa kuti nanga ankakumba chiyani. Ankati munthu amene akunena kuti kutsogolo kulibe kanthu wangokuuza pamene miyendo yake inatopera.

Yawo sinatope msanga. Chaka ndi chaka mvula ikatha ankanyamula thumba la ufa ndi kapoto n'kubwerera kunkhalangoko. Ulendo wina anabwera atanyamulidwa pa machira chifukwa cha malungo. Ulendo wina asilikali a kutsidya anawagwira powayesa kazitape, n'kuwamasula atamva za Akafula, ati munthuyu mutu wake sukuyenda. Mwendo wakumanzere unaonongeka ndi msampha wa waya umene alenje anatchera nguluwe. Nthawi zonse mwala unali m'thumba. Ndili wamng'ono ndinkayesa kuti ndi chithumwa chawo cha paulendo.

Kuno ku London nkhalango yawo inalowa mu tabuleti yanga ya kusukulu. Loweruka masana tinkakhala pabedi pawo n'kumayang'ana zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba. Vuto linali lakuti tabuleti imafuna chala. Tsiku loyamba nditangotambasula chala kuti ndikuze phiri lina, anandigwira dzanja.

"Pinda chala, Tiya! Ukufuna atitsekerenso?"

Kuyambira pamenepo ndinkayendetsa mapu ndi mfundo ya chala chopinda, iwo atagwira galasi la a Mwale pamwamba pake. Mpaka lero ndimatero osadziwa, ndipo anzanga amandiseka. Tinkaona kuti zobiriwira zikuchepa, minda ikulowerera, ndi timadontho takuda pamene anthu amaotcha makala. Loweruka lina tinapeza chinthu chozungulira chotuwa pakati pa mitengo. Agogo anasendeza galasi pafupi. Ndinakuza pang'onopang'ono mpaka tinaona tinthu tofiirira mkati mwake. Linali khola la ng'ombe. Anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti a Mwale asamve. Kenako anati tisunthire kum'mawa pang'ono.

Tsiku limene ndinawadziwa bwino linali la m'nyengo yozizira, chaka chimodzi asanamwalire. Anali ndi chifuwa. Amayi anafika m'mawa kuchokera ku shifiti ya usiku, n'kupeza windo lili yasa, chipinda chikuzizira ngati firiji, Agogo akutsokomola kubafa.  Amayi anatenga mwala, windo linagwa lokha kuti phwa, ndipo anatsika nawo masitepe n'kukauponya m'bini yakunja. Linali tsiku lotenga zinyalala, ndipo lole inkamveka kale kumapeto kwa msewu.

Ndinagogoda pachitseko cha bafa. Ndinawauza za mwala ndi mawu aang'ono, koma anamva.

Sindinaonepo munthu wa mwendo wotero akutsika masitepe chonchi. Anatuluka ndi zovala zogonera ndi masilipasi, sopo ali kukhutu, n'kukaima kutsogolo kwa lole, ndodo ataikweza. Bini yathu inali kale m'manja mwa mnyamata wina wamtali wovala jekete lachikasu. Anafunsa m'Chingerezi ngati amalume ali bwino. Agogo analoza bini ndi milomo. Mnyamatayo anayang'ana anzake, kenako anakhuthula zonse m'mbali mwa msewu. Mwala unagubuduka pakati pa mpunga wolala ndi timapaketi ta tiyi. Mnyamatayo anautola, n'kusuzumira pabowo, n'kufunsa kuti ndi chiyani. Agogo anamuyankha m'Chingerezi chawo cha kumishoni kuti si wawo, ndi wa eni, ayenera kukaubweza.

Amayi anatidikira kukhitchini, yunifomu asanavule.

"Atate, mwala umenewu unakuchotsani pa amayi anga. Tsopano mukufuna ukupheni ndi chibayo m'nyumba mwanga?"

Agogo anatsegula mpopi n'kuyamba kuutsuka.

"Ndikulankhula nanu, Atate. Amayi ankabuula pamphasa, ine kamtsikana ndikuwapukuta thukuta, inu mwanyamula thumba mwapita kukafuna anthu aafupi. Munabwera titaika kale maliro. Anthu ankandifunsa kuti atate ako ali kuti. Ndikanati chiyani? Kuti ali ku mzinda?"

Ine ndinali nditaima pafupi ndi firiji. Za Ambuya, mayi awo a Amayi, ndinkangodziwa kuti anamwalira kalekale. Izi sindinkazidziwa.

Agogo anapukuta mwala ndi kansalu ka mbale, mbali zonse, mpaka m'bowo. Kenako anauika patebulo.

"Esinati, mwana wanga. Ulendo umenewo sindinapite kukafuna. Ndinapita kukabweza."

Agogo anapitiriza, maso ali pa mwalawo.

"Kuchipatala anatibweza. Anati tizikadikira kunyumba. Mapemphero tinapemphera. Ndiye ndinkagona n'kumaganiza kuti m'nyumba muno cholakwika n'chiyani. Ndinakumbukira kuti ndinatenga chinthu pakhomo pa eni. Ndinati mwina akuitanitsa. Ndinati ndikauika pamene ndinautola, amako adzuka. Ndinayenda mpaka ufa unatha. Njira sanandipatse."

"Nanga bwanji simunanene? Zaka zonsezi?"

"Ndikanati chiyani kwa mwana amene wangotaya mayi ake? Kuti ndine ndinabweretsa matenda m'thumba? Ndinaona kuti bola uzindiyesa wamisala."

Amayi anakhala pampando. Anayang'ana mwala nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira bala la wodwala.

"Inali khansa, Atate. Sunali mwala."

"Ndikudziwa. Unandiuza utaphunzira, ndipo mutu wanga unamva. Koma mwalawu ndi wa eni ndithu."

Amayi anavula nsapato n'kupita kukagona. Madzulo ake anabwera ndi bulangete lochindikala latsopano n'kuliponya pabedi pa Agogo. Windo linatsegulidwanso, ndipo za hita sindinazimvenso.

Patapita masiku ndinawafunsa chifukwa chimene sanangouponya m'nkhalango pena paliponse, popeza nkhalango yonseyo ndi ya eni omwewo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati chinthu cha mwini sauponyera kuseri kwa mpanda ngati mbewa yakufa. Umafika, umaodira, umagwada, umapereka. Ndinafunsanso ngati akadafunabe kuuona mzindawo mwala utabwezedwa. Anamwetulira n'kuti akadakonda kungoyezanso phazi lawo pa masitepe aja, aone ngati linalidi losakwana.

Anamwalira m'chipatala mitengo itangoyamba kuphukira. Sanapemphe chilichonse chokhudza mwala. Anangofunsa namwino wina ngati mawindo a m'chipatalamo amatseguka, ndipo atamva kuti ayi, anapukusa mutu. Pa maliro a Mwale anaimirira kuti alankhule, anangoti, "Madala wapita kukafunsa eni ake njira," n'kulephera kupitiriza.

Thupi linapita ku Katete, Amayi n'kuliperekeza. Ine ndinali ndi mayeso, choncho ndinakhala kwa a Mwale ndi akazi awo. Amayi anachedwa kubwera kuposa mmene ananenera. Tsiku limene tinabwerera m'nyumba ndinathamangira kuchipinda chaching'ono. Windo linali lotseka. Mwala panalibe.

Sindinafunse. Ndinadikira mpaka Loweruka, pamene ndinkamasula sutikesi yawo kuti ndichape. Chitenje chimodzi chinali chodzaza ndi chisoso, timbewu takuda tija timene timamatirira munthu akadutsa m'thengo. Masokosi analinso choncho, mapeya awiri ovalidwa pamodzi, lina mkati mwa linzake. Pansi pa zonse, m'pepala lapulasitiki, munali nsapato zachikopa za Agogo, zili ndi dothi lofiira louma.

Ndinazitengera kukhitchini. Amayi ankadula anyezi.

"Amayi, munaupeza?"

Anapitiriza kudula.

"Nkhalango ya Atate yatsala pang'ono, Tiya. Galimoto inatisiya pa mudzi womaliza. Kuchoka apo ndi zitsa zokhazokha, ndi utsi wa makala. Ndinayenda ndi mayi wina wa m'mudzimo mpaka pamene mitengo ikuluikulu imayambira. Iye anakana kupitirira. Ine ndinalowa."

"Munaona masitepe?"

"Ndinaona mitengo. Ndinayenda mpaka miyendo inati basi. Panali thanthwe lina pansi pa msuku." Anapukuta m'maso ndi mkono, mwina chifukwa cha anyezi. "Ndinaodira. Ine namwino, mayi wa chigwirizano, kuodira m'tchire. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinauika. Ndinati atate anga anatenga ali mnyamata, anayesetsa kubweza, mwendo unawakanika. Ndinati takuonerani kutali."

"Ndiye?"

"Ndiye palibe. Kunali zii."

"Ngakhale nyenje?"

Amayi anaima ndi mpeni m'mwamba. Anaganiza ndithu.

"Sindinamve nyenje," anatero. "Koma mwina sinali nthawi yake. Usakauze a Mwale."

Ndinawafunsa kuti thanthwelo lili mbali iti, kuti ndikalifufuze pa tabuleti. Anatembenukira ku windo la kukhitchini, kumene kumaoneka njanji ya tiramu ndi denga la sitolo ya matayala, ndipo analoza ndi milomo.

Chipinda chaching'ono tsopano timayanikamo zovala. Bedi lilipo, bulangete lochindikala lili lopinda kumiyendo. Nsapato zili pansi pa bedi, dothi lofiira sitinalichotse. Galasi la a Mwale lili patebulo, ndipo masana dzuwa likalowa limaponya kadontho kowala pakhoma. Windo silingakhale lotsegula lokha. Ukalikweza limatsika pang'onopang'ono mpaka kutsekeka, ndipo chipindacho chimafunda kuposa kale lonse. Pa thabwa la windo penti inadetsedwa ndi mvula ndi fumbi la msewu, kupatula pamene pankakhala mwala. Pamenepo patsala chizindikiro choyera chozungulira, ndi kadontho kakuda pakati pomwe fumbi linkalowera pabowo. Mwezi wathawu Amayi anapenta chipinda chonse, makoma ndi chitseko ndi thabwalo. Pofika pa chizindikirocho anazungulira.